Zithunzi Ziwiri ku Moatize

Magetsi athima seveni koloko isanakwane
ndipo Moatize wagona chagada m'fumbi lake.
Kuno nyenyezi timachita kuzisaka.
Malasha amene sitima imanyamula usana
amasiya mwaye wake padenga, pa zovala zoyanika,
pa lilime la mwana woyamwa.

Ndakhala pakhonde, kompyuta pamiyendo,
batire yatsala theka,
bandulo ya mametikali zana ikudontha ngati chidebe chobooka.
Ndikudikira chithunzi
chimene galasi lalikulu loyandama kupitirira mwezi
linajambula sabata yatha,
galasi losadziwa mtambo, losalawa utsi,
lozizira kuposa m'mawa wa Juni ku Tsangano.

Chikutsika mzere ndi mzere.

Ntchito yanga ndi yowerenga timadontho.
Aphunzitsi anga ku Maputo anati, Felizarda,
chimtambo ichi ndi fumbi lokhalokha,
diso la munthu limathera pakhomo pake,
koma galasili limamva kutentha,
limapapasa m'kati ngati dzanja la mzamba.
Tiwerengere ana ali m'mimbamo.
Ndafika mazana anayi ndi khumi ndi mmodzi,
nyenyezi zakhanda, zosadulidwa mchombo,
zopanda dzina kupatula nambala imene ndazipatsa ine.

M'nyumba bambo akutsokomola.
Kaye kawiri, kenaka chija chachitali
chimene chimaimitsa mayi pakati pa chiganizo.
Zaka khumi ndi zinayi akuboola mwala mumgodi,
ndipo Lolemba tinawoloka mlatho kupita ku Tete,
tinabwerako ndi envelopu yakhaki.
Dokotala analoza ndi cholembera
timadontho toyera pakati pa nthiti.
Iye sanatiwerenge.

Atuluka, chopukutira chili paphewa,
akhala pa kreti ya mabotolo, apuma kaye, asuzumira.
Chimenechi n'chiyani?
Fumbi, bambo.
Aseka mpaka chifuwa chiwalanda kusekako.
Zaka zonsezi ndikulipira sukulu
kuti ukaphunzire fumbi?
Ukanangondifunsa ine.

Ndiwauza kuti kuwala uku kunanyamuka kale,
mgodi usanakumbidwe, njanji isanayalidwe,
mlambe wa kumsika uja usanamere,
kwayenda osagona panjira
kudzagwera m'galasi, kenaka pamiyendo pangapa.
Ndiwauzanso chimene sindinakonzekere kunena,
kuti chakuda chimene chili m'malasha
chinaphikidwa m'mimba mwa nyenyezi zimene zinafa.

Akhala chete.
Atuma Zefaniya kukatenga envelopu ija,
asolola chithunzi chawo, achigwira pa kuwala kwa kompyuta.
Nthiti zawo zikuta chimtambo changa,
timadontho tawo tisakanikira ndi tanga
moti sindikudziwanso toti ndiwerenge.

Ndiye kuti ndinameza nyenyezi, atero.
Fumbi lako likubala.
Langali likubala chiyani?

Ndili ndi masamu oyezera kutentha kwa chinthu
chimene sindidzachikhudza mpaka kufa,
koma funso la munthu amene bondo lake lagunda langa
landisiya kukamwa pululu.

Atsitsa chithunzi chawo.
Chala chawo, chikhadabo chakuda m'mbali
chimene sopo anachilephera kalekale,
chiyenda pang'onopang'ono pa kompyuta
monga ankafufuzira mng'alu pamwala asanaboole.
Chiima pakona, kumunsi, kumanzere.
Aka wakasiya.

Ndikuza. Ndiyezanso. Kalipodi,
kofiira, kamanyazi, kobisala kuseri kwa kanzake.
Mazana anayi ndi khumi ndi awiri.
M'kaundula, pambali pa nambalayo,
pamalo olembapo ndemanga,
ndilemba kuti: anakaona ndi Gervásio Chimtengo,
woboola miyala, Moatize.

Batire yatha.
Mdima utibwerera wonse nthawi imodzi.
Kumunsi sitima ikukoka mabogi ake kulowera kunyanja,
bambo akuwawerenga chamumtima, milomo yokha ikugwedera,
ine ndikuwerenga kupuma kwawo.
Pamwamba pa mulu wa malasha
kanyenyezi kamodzi kaboola fumbi.
Sitikalozerana.
Tonse takaona.